Tisadikire maliro kuti tiwoloke Zambezi

Uthenga wa maliro ukafika kuchokera ku Harare, ku Lusaka kapena ku Joni, pabanja la Chimalawi ndalama sizisowa. Mbuzi imagulitsidwa m'mawa womwewo, wina amathamangira kubanki m'khonde, wina kwa akatapila, ndipo dzuwa lisanalowe nthumwi ziwiri zimakhala zakwera kale basi. Koma munthu angoyerekeza kunena kuti akufuna kukaona m'bale wake yemwe akadapuma kutsidya kwa malire, aliyense pabanjapo amasanduka katswiri wa zachuma. Amakuwerengera mtengo wa feteleza, fizi ya ana ndi malata amene akudontha, mpaka mwiniwe umachita manyazi kuti udaganizako zotero. Chizolowezi chimenechi ndicho ndikulimbana nacho chaka chino, pamene ndikukonza ulendo wa pagalimoto wochoka ku Chilinde kupita ku Harare ndi banja langa.

Ndine mphunzitsi pasekondale ina yoyendera kumudzi, m'boma lomwe lino la Lilongwe, komwe minibasi imafika ngati mvula yalola. Koma kwathu kwenikweni ndi ku Chilinde, ndipo matenda anga okonda galimoto adayambira komweko. Tili ana tinkapinda mawaya n'kupanga malole okhala ndi chiwongolero chachitali, matayala ake zitsekerero za mabotolo. Nditasinkhuka ndinkati ndikaweruka kusukulu, ulendo wa ku Biwi Triangle, kukaima pambali pa amakaniko n'kumawapatsira masipanala. Malipiro anga adali kuloledwa kuliza injini ikatha kukonzedwa. Mpaka lero galimoto ikadutsa pamsewu ndimatha kudziwa ndi khutu lokha kuti iyi mapulagi atopa, iyo ekizozi yabooka.

Yangayanga ndidaipeza mu 2021, nditatenga ngongole yomwe ndidabweza zaka zitatu. Ndi Toyota Sienta ya mipando isanu ndi iwiri, injini yake ya 1500cc, imodzi mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Ine ndine mwini wake wachitatu kuno kumudzi. Mutauni anthu amaibaya chala poyesa takisi. Kusukulu kwathu ndiyo ambulansi ya mudzi wonse: yanyamula amayi oyembekezera pakati pausiku, ana olumidwa ndi njoka, ngakhale bokosi lamaliro. Kutali kumene idafikako ndi ku Mzuzu. Kunja kwa dziko siidapondeko m'manja mwanga, ndipo sindibisa, mtima wanga umalakalaka kuimva ikulira pamsewu wautali wopanda mabampu a pa trading centre.

Komatu chilakolako chokhacho sichikadandichititsa kutsutsana ndi abale. Chenicheni ndi amayi anga. Iwo sadabadwire m'dziko muno. Bambo awo adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chidakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Masiku amenewo amuna ambiri ankapita ku Southern Rhodesia, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pamalole aulere omwe ankangotchedwa Ulere, enanso polembedwa ndi a Mthandizi. Agogo adapeza ntchito yophika kwa mzungu ku Salisbury, n'kuitanitsa akazi awo. Amayi adabadwa mu 1958 mukomboni yomwe lero imatchedwa Mbare. Ali ndi zaka 13, agogo aakazi adabwerera nawo kuno pamodzi ndi mlongo wawo. Mng'ono wawo adatsala ndi bambo ake, akuti adzabwera chaka chamawa. Chaka chamawacho chidasanduka moyo wonse.

Agogo aamuna adamwalira mu 1988, nkhondo ya ku Mozambique ili pachimake. Msewu wa Tete nthawi imeneyo unkayendeka pamdipiti wa galimoto zoperekezedwa ndi asilikali, ndipo si onse ankafika. Kalata ya maliro idafika ku Chilinde patatha masabata, mwambo wonse utatha. Mtendere udabwera ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okotobala 1992, ndipo mu 1996 amayi aang'ono adakwera basi kudzationa. Kuonana komaliza kudali komweko. Patha zaka pafupifupi 30 ana a mimba imodzi akungomvana mawu, kale pakalata, lero pa WhatsApp mdzukulu akawagwirira foni. Manda a bambo awo amayi sadawaonepo. Onse awiri tsopano amayenda ndi mankhwala m'chikwama, wina a shuga, wina a kuthamanga kwa magazi.

Nkhaniyi ndidaitula mu Januwale, tonse titasonkhana pakhonde la amayi ku Chilinde. Achimwene anga aakulu sadachedwe kuyankha.

“Aphunzitsi, tisanamizane. Inu mukufuna kukayesa injini. Ndalama imeneyo bwanji osangowatumizira amayi aang'ono akagule mankhwala?”

Mayi akunyumba nawo adali ndi mawu awo, ngakhale adawanena mofatsa. “Bambo, ine sindikukana. Koma mwana akulowa Fomu 1 mu Sepitembala, ndipo ploti ija ikadali pafawundeshoni. Mundionetse papepala kuti zonsezi zikwanirana.”

Amayi adangokhala chete akusankha nyemba m'lichero. Titatopa kulankhula adati: “Ana inu, ndikadzamva kuti mng'ono wanga watisiya, mudzasonkha n'kundikweza basi usiku womwewo. Ndikudziwa, simudzalephera. Koma ndidzakalankhula ndi yani kumeneko? Ngati ndalamayo ilipo ya tsiku limenelo, ndibwerekeni lero.”

Palibe adayankha. Achimwene adangoti nkhaniyo tiionenso, ndipo patatha sabata adandiimbira foni kufunsa ngati laisensi yawo ingagwire ntchito kunja. Lero ndiwo dalaivala wachiwiri paulendowu. Funso la mayi akunyumba ndi lomwe lidandipatsa ntchito yaikulu, poti lidali loona. Ndidagula kope lachikuto cholimba, longa lija timalembamo ma scheme, ndipo m'menemo ndi momwe ulendo wonse ukukhala mpaka tsiku lonyamuka. Zimene ndapeza pofunsafunsa kwa madalaivala a mathiraki ndi amalonda oyenda njirayi ndaona kuti n'zothandiza aliyense amene ali ndi maganizo onga angawa, pajatu safunsa adadya phula.

Choyamba ndi mapepala, ndipo a anthu amatsogola. Tilipo asanu ndi mmodzi: ine, mayi akunyumba, ana awiri, amayi ndi achimwene. Aliyense afunika pasipoti yakeyake, ngakhale mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwayi wake Mmalawi safuna viza polowa ku Mozambique ndi ku Zimbabwe ngati akungokacheza masiku owerengeka. Mapasipoti tidayamba kuthamangira mu Febuluwale, chifukwa chinthu chimene sichili m'manja mwako suchiikira tsiku. Mankhwala a amayi tidzanyamula a mwezi wathunthu pamodzi ndi kabuku kawo ka kuchipatala, kuti wofunsa pachipata aone kuti si malonda.

Galimoto nayo ili ndi pasipoti zake. Pafunika blue book ya dzina la mwini wake. Ngati ili m'dzina la wina kapena ikadali pangongole, pafunika kalata ya chilolezo yochokera kwa mwiniyo. Pafunika COF yosatha, inshuwalansi, ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, yomwe imatengedwa kulikulu lawo ku Area 30. Pachipata a MRA amalemba kuti galimoto yatuluka mongoyembekezera, ndipo dziko limene ukulowa limakupatsa chikalata chake cholola galimoto yachilendo kukhalamo masiku angapo. Pali inshuwalansi ya mayiko a COMESA yotchedwa Yellow Card, imene umagula konkuno ndipo imagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Koma Mozambique sili mu COMESA, choncho kumeneko inshuwalansi umagula pachipata. Chikalata chilichonse ndachijambulitsa katatu. Munthu wofuna ya fanta pamsewu amayang'ana pamene pali mpata, ndiye ine ndikufuna asaupeze.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene mutu umawawa. Ulendowu udya ndalama za mitundu itatu: kwacha kuno, meticais ku Mozambique, ndi madola a America ku Zimbabwe, komwe amayendera limodzi ndi ndalama yawo ya ZiG yomwe idayamba mu Epulo 2024. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera, komanso kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro a mphunzitsi wa dipuloma sadathamange liwiro limenelo. N'chifukwa chake m'kope langa mafuta sindiwerengera m'makwacha, ndimawerengera m'malita. Kupita ku Harare ndi makilomita opitirira 700. Kupita, kubwera ndi kuzungulira komweko ndaika makilomita 1,700. Sienta yanga ikadzaza anthu ndi katundu imayenda makilomita 12 pa lita, ndiye kuti ndi malita pafupifupi 140. Pamwamba pake pali misonkho ya pachipata, ya utsi, ya pamilatho ndi ya m'mageti a pamsewu, ndi gawo lina losakhudzidwa, la tsoka.

Ndalamayi ikuchokera kutatu. Ndidalima soya ekala imodzi kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Achimwene akupereka theka la mafuta. Mlongo wathu yemwe sapita nawo watenga mapasipoti a ana. Fizi ya Fomu 1 ili muenvulopu yakeyake m'manja mwa mayi akunyumba, ndipo tidagwirizana kuti ikangokhudzidwa ulendo wafa. Ploti idikira chaka china. Njerwa sizidwala shuga.

Ena andifunsa kuti bwanji osangokwera basi, poti mabasi a ku Joni amadutsa mu Harare. Ndidawerengera. Kwa munthu mmodzi kapena awiri, basi ndi yotchipa kutalitali, ndipo amene ali yekha ndingamulangize basi. Kwa anthu asanu ndi mmodzi, kupita ndi kubwera, kusiyana kwake kumachepa kwambiri. Chotsalacho ndi mtengo wa ufulu woima. Munthu wa shuga amafuna kudya panthawi yake ndi kutsika pafupipafupi, ndipo mawondo a amayi sangapirire kupindika usana ndi usiku. Basi siima chifukwa gogo watopa.

Chachitatu ndi njira. Tidzanyamuka ku Chilinde nthawi ya 4 koloko m'mawa, kulowa mu M1 kudzera pa Nathenje, Kamphata, Linthipe ndi Chimbiya, kuti chipata cha Dedza tikachipeze chikungotsegulidwa. Kutsidya kwake ndi Calomue. Kuchokera apo msewu umadutsa m'boma la Angonia, cha ku Ulongwe, komwe anthu ake amalankhula chinenero chathu chomwechi ndipo minda yawo ya mbatatesi siisiyana ndi ya ku Dedza. Kenako umatsetsereka kuchoka kumapiri, n'kukakumana ndi msewu wochokera ku Mwanza ndi Zobue, kudutsa pa Moatize pamigodi ya malasha, mpaka mumzinda wa Tete m'mphepete mwa Zambezi. Pamenepo pali milatho iwiri: wakale wolendewera pazingwe, wotchedwa Samora Machel, ndi watsopano wa Kassuende womwe udatsegulidwa mu 2014.

Ku Tete tidzagona. Madalaivala ena amaphatikiza ulendo wonse tsiku limodzi, ndipo wokonda chiwongolero ngati ine zimenezi zimamukoka mtima. Koma zipata ziwiri sungazipangire nthawi, ndipo ukachedwa pamodzi mapeto ake ndi kuyenda usiku pakati pa mathiraki, ng'ombe ndi maenje a msewu umene suudziwa. Tsiku lachiwiri tidzadutsa pa Changara kukafika pachipata cha Cuchamano, chomwe mbali ya Zimbabwe chimatchedwa Nyamapanda, kenako Mutoko, Murewa, n'kulowa mu Harare dzuwa likadalipo. Chotonthoza mtima n'chakuti mayiko onse atatuwa amayendetsa kumanzere, ndiye dzanja silisokonezeka. Nyengo tasankha ya Ogasiti, patchuthi chachikulu. Disembala ndi wamvula ndiponso zipata zimadzaza ndi obwerera kumudzi, pomwe Okotobala wa ku Tete amaphika munthu ndi injini yomwe.

Galimoto yeniyeniyo yabwera kumapeto kwa kope, ngakhale ndiyo imandisangalatsa kuposa zonse. Makaniko wanga wa ku Biwi, yemwe adandidziwa ndikadali wopatsira masipanala, adaizungulira kawiri n'kundiyang'ana.

“Aphunzitsi, injini iyi ikhoza kukafika ku Cape Town. Chimene chimasiya anthu panjira si injini. Ndi tayala, madzi ndi tulo.”

Tayamba ndi zomwezo. Matayala akaunjika amene ndimayendera kumudzi achoka, ndagula anayi atsopano mmodzimmodzi kuyambira Malichi, ndipo kasipeya kakang'ono kaja ndakasinthanitsa ndi tayala lenileni. Rediyeta yatsukidwa, mapaipi ake ofewa asinthidwa. Mabuleki, mashoko a kumbuyo, oyilo wa injini ndi wa giyabokosi, zonse zaonedwa. M'buti mudzakhala fanibeluti yapadera, mafyuzi, mababu, pampu, jeke, chingwe chokokera ndi madzi malita khumi. Malamulo a kumene tikupitako amafunanso mathirayango awiri, chozimitsira moto, chovala chonyezimira, ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Marimu okongola ndi masipika amene ndidawasirira chaka chatha ndawasiya m'sitolo momwemo. Lamulo la mafuta ndi limodzi: thanki ikafika theka, tiima pafilingi yoyamba. Mizere ya mafuta yatiphunzitsa Amalawi kuti mawa si lonjezo.

Nkhondo imene yatsala ndi ya katundu. Amayi alemba kale mndandanda wawo: mpunga wa Kilombero, usipa, ufa woyera, mtedza, zitenje, ndi thumba la nyemba za ku Dedza. Ndawafotokozera kuti Sienta ikakhala ndi anthu kumipando yakumbuyo malo a katundu amatsala ochepa, kuti kulemera kumadya mafuta ndi matayala, ndiponso kuti zakudya zina pachipata amafuna chilolezo. Adandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe, kwa mng'ono wanga ndikalowe chimanjamanja ngati wothawa nkhondo?” Tagwirizana kuti aliyense anyamule kachikwama kamodzi ka zovala, malo otsalawo ndi a amayi. Chinthu chimodzi chokha sadalole kukambirana: tsache. Akuti pamanda a bambo awo akasesa ndi tsache la kwawo.

Monga mphunzitsi, ndili ndi chifukwa chinanso. Chaka chilichonse ndimaphunzitsa za anthu amene ankapita kukagwira ntchito kumigodi ndi kumafamu a kummwera, ndipo ndimajambula Zambezi ndi choko pabolodi. Ophunzira anga amaloweza n'kukhoza mayeso, koma ambiri sadziwa kuti m'mabanja mwawo momwemo muli matchona. Ku Zimbabwe kuli zidzukulu za Amalawi zambirimbiri, m'makomboni, m'mafamu ndi m'migodi. Adasunga gule wamkulu, amene eni dziko amamutcha zvigure. Adanyozedwapo ndi dzina loti mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, ambiri obadwira komweko adapezeka akutchedwa alendo, mpaka malamulo aakulu a dzikolo a 2013 adawatsegulira khomo. Abale amenewa kumeneko amawati ndi Amalawi, kuno timawati ndi a ku Zimbabwe. Tikapanda kuwayendera, mbadwo wa ana athu udzakumana ku Joni n'kukwatirana pachibale osadziwa.

Ndikufuna ana anga aime pamlatho wa Tete, aone kukula kwa madzi amene agogo a bambo awo adawoloka atanyamula kamtolo pamutu. Ndikufuna amve agogo awo akulankhula Chishona chimene chakhala chikugona m'kamwa mwawo zaka zoposa 50. Panopa madzulo aliwonse a Loweruka pakhonde la ku Chilinde pamakhala kalasi: amayi akuphunzitsa adzukulu kupereka moni wa kumeneko, ine ndikuloweza mawu ochepa a Chipwitikizi oti ndikalankhulire pachipata. Ulendo sunayambe, koma amayi ayamba kale kufotokoza nkhani za ubwana wawo zimene ife ana awo sitidazimvepo. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma fupa losagwiritsidwa ntchito limauma gwa.

Sindikunena kuti aliyense agulitse mbuzi n'kuyamba ulendo. Nthawi ndi yowawa, ndipo pali mabanja amene ngakhale ya minibasi yopita ku Mchinji ndi nkhani. Ndikulankhula ndi anzanga amene tili ndi kagalimoto, amene Loweruka timakatsuka kawiri n'kumakambirana za mphamvu ya injini pamalo omwera tiyi. Mafuta amene timawotcha pachaka pozungulira m'tauni ndi kuthamangira maukwati a anthu osawadziwa bwino akhoza kufikitsa kholo ku Chipata, ku Tete, ku Lichinga kapena ku Bulawayo. Ndikulankhulanso ndi mabanja amene amasonkherana za chiliza mosanyinyirika. Msonkhano womwewo ukhoza kukhalapo wosonkhera ulendo wa amoyo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa maliro umakukakamiza lero lomwe, pomwe wa amoyo umafuna munthu mmodzi wouma mutu, kope limodzi ndi miyezi isanu ndi itatu ya kudziletsa.

Kusukulu ndapangana kale ndi mwini lole wina wa pamsika kuti masabata awiri amenewo akhale tcheru usiku, poti ambulansi ya mudzi idzakhala kulibe. Mapasipoti asanu atuluka, yatsala ya mwana wamng'ono. Amayi aang'ono atumiza uthenga kuti ayamba kale kuweta nkhuku za alendo, ndipo akufunsa ngati mkulu wawo akadali wamtali kuposa iwo. Yankho lake tikalipeza pakhomo pawo mu Ogasiti, awiriwo akadzaima phewa ndi phewa.